Zophimba Makutu Kapena Tisiponji: Kalipentala Agule Ziti?

Anzanga a ntchito ya ukalipentala akhala akundifunsa kawirikawiri kuti agule chiyani choteteza makutu ku phokoso la makina ochekera ndi opalira matabwa. Funsoli ndi lofunika, chifukwa akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawiyo imachepa ndi theka. Makina opala mlombwa wouma amatha kufika pa 100, pomwe munthu sayenera kupitirira mphindi 15, ndipo timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Thonje sindiliwerengera n'komwe, poti phokoso limangodutsa.

Zophimba makutu, zija zokhala ndi lamba wodutsa pamutu, zimavalika mwachangu ngakhale manja ali ndi guluu, ndipo mwini shedi amaonera patali ngati anyamata avala. Komabe zotchipa zimene ndinagula m'sitolo ina ya zipangizo zomangira zinandikhumudwitsa kwambiri. Kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, pamodzi ndi thukuta losakanikirana ndi utuchi, kunaumitsa makushoni ake mpaka anang'ambika m'mbali, lambayo nayenso n'kulefuka. Choipa kwambiri n'chakuti chophimba chotere chimaonekabe chabwinobwino, munthu n'kumayima pa makina tsiku lonse akuyesa watetezeka, koma madzulo m'makutu mukulira.

Nditabwerera kukafuna makushoni ena, anandiuza kuti sagulitsa paokha, ndiye kuti ndigulenso chonse. Mtengo wobisikawu wogulitsa sautchula pokulandira ndalama. Sakuuzanso kuti timiyendo ta magalasi otchinga maso timasiya mpata pakati pa khungu ndi kushoni, pamene kalipentala sangacheke thabwa maso ali pamtunda.

Tisiponji tolowetsa m'khutu n'totchipa, sititenthetsa, ndipo sitilimbana ndi magalasi. Vuto lake ndi kavalidwe: uyenera kupota kasiponjiko ndi zala zoyera mpaka kaonde, kukokera khutu m'mwamba, kukalowetsa n'kudikira kuti kafufume. Kongokhala pakhomo pa khutu sikathandiza, ndipo kakada kayenera kutayidwa.

Ine ndili ku mbali ya tisiponji. Pa makina opalira ndimawonjezera zophimba pamwamba, koma zokhazo zolembedwa nambala ya SNR kapena NRR (yosonyeza mmene zimachepetsera phokoso), zimenenso makushoni ake amagulitsidwa paokha.