Nine Patch, Log Cabin kapena tizigamba ta mbali 6: chofunda choyamba muyambe ndi chiti?

Chofunda changa choyamba cha zigamba ndinachiyala pansi madzulo ena, ndikubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndichione bwino, kenako ndinangoti kakasi. Patebulo buloko lililonse, kutanthauza sikweya ya tizigamba tosokedwa pamodzi, linkaoneka labwinobwino. Koma mabulokowo atalumikizana, ngodya za tizigamba sizinkakumana. Pena kofiira kankalowerera m'malo mwa koyera, pena msoko wopita m'mwamba unkafika pamphambano n'kudumphira pambali ngati waona njoka. Chinali Nine Patch, chimene aliyense amati ndi cha oyamba kumene. Chofundacho chilipobe, timafunda, chimatenthetsa ndithu, koma alendo akabwera ndimachipinda mbali yoipayo mkati.

Kuyambira pamenepo ndasokapo mitundu itatu imene anthu amalangiza woyamba: Nine Patch, Log Cabin, ndi tizigamba ta mbali 6 tosokera papepala ndi manja. Munthu akandifunsa kuti ayambe ndi uti, ine ndimayang'ana chinthu chimodzi: ukaphonya ndi milimita imodzi, cholakwacho chimakathera kuti? Chifukwa kuphonya uphonya basi. Zigamba zimasokedwa ndi msoko wa kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, pamene amene anazolowera kusoka zovala dzanja lake limafuna sentimita imodzi ndi theka. Ndipo msoko ukakula ndi milimita imodzi, umadya mamilimita awiri, poti umadya mbali zonse ziwiri.

Nine Patch ndi tizigamba 9 ta sikweya, titatu m'litali, titatu m'lifupi, kakuda ndi kowala motsatizana. Mukadula kalikonse mainchesi awiri ndi theka, buloko lomaliza limatuluka la mainchesi 6. Ubwino wake ndi liwiro. Simufunika kudula kamodzikamodzi: mumadula mizere italiitali, n'kusoka itatu pamodzi, yakuda, yowala, yakuda, ina yowala, yakuda, yowala, kenako n'kuidula mopingasa. Mzere umodzi wa mainchesi 42 umakupatsani zidutswa 16. Njira imeneyi inafala kwambiri kampani ya ku Japan ya Olfa itatulutsa mpeni wozungulira ngati gudumu mu 1979, umene umadula nsalu zingapo nthawi imodzi motsatira rula. Ndi sizasi zimathekanso, koma mzere uliwonse muyambe mwaujambula ndi choko, apo ayi upindika.

Vuto lake ndi lija linandigwera ine. M'buloko limodzi muli mphambano zinayi pamene misoko iyenera kukumana ndendende, ndipo poti tizigambato timasiyana mtundu, diso limathamangira pomwepo. Mukamasinthanitsa mabuloko a Nine Patch ndi sikweya zosadula, monga ambiri amachitira kuti ntchito ichepe, pamabwera china: misoko iwiri yophonya ndi milimita imodzi imachepetsa buloko ndi mamilimita 4, pamene sikweya yosadulayo ili momwemo. Ndiye mumayamba kukoka ina, kufinya ina, chofunda n'kuyamba kutukusira. Mankhwala ake alipo. Positapo, misoko ya mzere woyamba muigonekere kumanja, ya mzere wachiwiri kumanzere, kuti polumikiza ikolane yokha ngati zala za manja awiri. Mumaimva ndi chala isanalowe pansi pa singano. Ine zimenezi ndinazidziwa chofunda chitatha kale.

Log Cabin imayamba ndi kasikweya kamodzi pakati, kenako mumasokerera mizere mozungulira, umodziumodzi, mbali ziwiri yowala, mbali ziwiri yakuda. Mtunduwu unatchuka ku United States m'zaka za m'ma 1860, ndipo kapakatiko kawirikawiri kankakhala kofiira, kuimira moto wa m'nyumba. Mukadula kapakati mainchesi awiri ndi theka, mizere inchi imodzi ndi theka, n'kuzungulira katatu, mumapeza buloko la mainchesi 8 lokhala ndi zidutswa 13.

Pongoyang'ana, 13 ndi ntchito yambiri kuposa 9, ndipo woyamba amaopa. Komatu m'kati mwa buloko la Log Cabin mulibe mphambano ngakhale imodzi yoti misoko ikumane. Mzere uliwonse umangogona pambali pa zimene mwasoka kale, wotsala n'kudula. Mukapotoza pang'ono, palibe ngodya yokuululani. Izi sizikutanthauza kuti cholakwacho chatha. Chimangobisala n'kumaunjikana, paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Kuchokera mbali ina ya buloko kufika ina pali misoko 6, ndiye milimita imodzi ija imasanduka mamilimita 12. Buloko limodzi likhoza kutuluka locheperapo ndi sentimita yathunthu poyerekeza ndi linzake limene munasoka tsiku lina mutapuma bwino. Chinanso, mukamakoka mzere posoka, buloko limayamba kupindika ngati nthochi.

Kusiyana kwake n'kwakuti cholakwa cha Log Cabin chimathawira m'mphepete, ndipo m'mphepete mumafika sizasi. Mukamaliza kuzungulira kamodzi, sitani, ikani rula, dulani kuti likhale sikweya, kenako pitirizani. Pamapeto muyeze mabuloko onse, n'kuwadula kuti afanane ndi laling'ono kwambiri. Mzere wakunja ukhala wowonda pang'ono pa ena, koma palibe amene adzabwere ndi rula pabedi panu. Pa Nine Patch simungachite zimenezi, chifukwa mukadula m'mphepete, tizigamba takunja timachepa, mphambano za buloko ili ndi linzake n'kusiyana kwambiri kuposa poyamba.

Chimene ndimaikondera kwenikweni Log Cabin ndi masewera a pamapeto. Buloko lililonse lili ndi theka lowala ndi theka lakuda, mogawanika kuchokera ngodya ina kufika ina. Mabuloko omwewo 48, mukawayala onse moyang'ana mbali imodzi, mumapeza mizera yopendekera yodutsa chofunda chonse, imene amaitcha Straight Furrows. Mukawatembenuza kuti azungulire pakati, pamatuluka madayamondi okulirakulira, Barn Raising. Ine ndinatha masiku atatu ndikungowatembenuza pansi, wina aliyense m'nyumba akuponyapo maganizo ake, mpaka ndinawaletsa kudutsa m'chipindamo. Koma masewerawa amatheka pokhapokha nsalu zowala zili zowaladi, zakuda zili zakudadi. Nsalu zapakatikati ndi zimene zimapha chithunzicho. Jambulani nsalu zanu ndi foni, chithunzicho muchisandutse chopanda mitundu, muona nokha: yofiira imene mumaiyesa yowala imatuluka bii, yobiriwira ina imene mumaiyesa yakuda imatuluka yotuwa.

Tizigamba ta mbali 6 ndi dziko lina. Makina safunika. Mumadula timapepala tolimba tofanana ndendende, kalikonse mumakakutira ndi nsalu, n'kupindira m'mphepete kumbuyo, n'kugwiriza ndi ulusi, kenako mumalumikiza tiwiritiwiri ndi singano yapamanja, misoko ing'onoing'ono yongoluma m'mphepete mwa nsalu osaboola pepala. Amati English paper piecing. Kamodzi pakati, 6 mozungulira, ndiye duwa la tizigamba 7. Mukawonjezera bwalo lina la 12, duwa likhala la 19. Maluwa amenewa ndiwo amapanga Grandmother's Flower Garden, chofunda chimene chinakondedwa kwambiri ku America m'zaka za m'ma 1930.

Apa cholakwa chilibe kolowera, chifukwa muyezo uli m'pepala, suli m'dzanja lanu. Nsalu mukhoza kuidula mokhotakhota, bola ikwanire kupinda. Ngodya zitatu zimakumana pamodzi mosavuta kuposa mmene makina angachitire. Mukhoza kutenga timapepala ndi nsalu m'kachikwama n'kumasoka paulendo kapena podikira pamzere. Koma werengani kaye. Chofunda cha mainchesi 48 m'lifupi ndi 64 m'litali, chimene ndi pafupifupi masentimita 122 ndi 163, chongokwana munthu mmodzi, chimafuna zidutswa 624 pa Log Cabin ya muyezo uja. Pa Nine Patch yosinthanitsa ndi sikweya zosadula, chofunda cha muyezo pafupifupi womwewo chimafuna zidutswa 440, ndipo zambiri zimasokedwa m'mizere. Pa tizigamba ta mbali 6 tokhala ndi mbali ya inchi imodzi, mufunika pafupifupi 1,200, ndipo misoko yolumikiza ikafoledwa imafika pafupifupi mamita 90. Zonsezo ndi singano yapamanja, osawerengera kukutira mapepala ndi kudzawachotsa. Changa ndinachiyamba ndi cholinga cha chofunda cha pabedi lalikulu. Maluwa atafika khumi ndi anayi chala chapakati chinali chitabooka, ndipo anasanduka zikuto za makhushoni awiri. Ndi zokongola, sindinama. Koma chofunda ayi.

Nsalu imene muli nayo nayonso imasankha. Nine Patch imafuna nsalu yathonje yolukidwa, yolemera mofanana, makamaka yatsopano, poti njira ya mizere italiitali imafuna nsalu yaitali. Ogulitsa nsalu za zigamba amadula kale zina: fat quarter ndi chidutswa cha mainchesi 18 ndi 22, jelly roll ndi mpukutu wa mizere ya mainchesi awiri ndi theka, charm squares ndi tisikweya ta mainchesi 5. Jelly roll inachita kubadwira Nine Patch. Ngati muli ndi thumba la zotsalira ndi malaya akale, Log Cabin ndiyo imakulandirani, chifukwa chidutswa chachifupi chimapita pafupi ndi pakati, chachitali kunja, palibe chotayidwa. Nsalu zikasiyana kulemera, sokerani mizereyo pamwamba pa nsalu ina yopyapyala yodulidwa kale sikweya. Ma Log Cabin ambiri akale ankasokedwa chomwecho, ndipo nsalu yapansiyo imagwira buloko kuti lisapindike, n'kulisunganso pamuyezo.

Amene amaganiza kuti zovala zakale zimatulutsa chinthu chaumphawi akaone zithunzi za zofunda za amayi a ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku United States. Ambiri ankasoka ndi mabuluku ogwirira ntchito, a jinzi ofufuma m'mawondo, ndiponso nsalu ya corduroy, ndipo mtundu umene ankaukonda, umene amautcha Housetop, ndi m'bale wake wa Log Cabin. Mizere yake si yofanana kukula, ngodya zake si zowongoka, komabe mu 2002 zofundazo zinapachikidwa ku Museum of Fine Arts ku Houston ndi ku Whitney Museum ku New York. Nine Patch yopotoka chomwecho ikanangooneka yolakwika.

Tizigamba ta mbali 6 timadya tinsalu ting'onoting'ono timene mitundu inayo yakana, koma timafuna nsalu yopyapyala yopindika bwino. Jinzi pamenepo ingakuthyolereni singano. Nsalu yotanuka ya matisheti isiyeni pa mitundu yonse itatu mpaka mutazolowera. Ndipo ngati mukusakaniza nsalu yatsopano ndi yakale, yatsopanoyo ichapeni kaye. Yakaleyo inachepa kale pochapidwa, yatsopano idzachepa ili m'chofunda n'kukoka zinzake. Zofiira ndi zabuluu wakuda muziviike pazokha m'madzi muone ngati zikutulutsa utoto. Ine kapakati kofiira kanandithimbirizira mizere yoyera yonse yoyandikana nako pakuchapa koyamba, ndipo mpaka lero ndi yapinki.

Za chofewa chapakati, chimene chimaikidwa pakati pa zigamba ndi nsalu yakumbuyo kwa chofunda, sindichedwapo. Chathonje chimagona bwino, sichiterera pansi pa singano, chimachepa pang'ono pochapa n'kupatsa chofunda makwinya aja okoma. Chapoliyesitala n'chopepuka, chimauma msanga, koma chokhuthalacho chimavuta pamakina ang'ono, ndipo nthawi zina ubweya wake umatulukira pansalu yakuda. Chosakaniza cha magawo 80 a thonje ndi 20 a poliyesitala chili pakati. Polumikiza zigawo zitatuzo, Nine Patch ndi yosavuta: mizere yowongoka yodutsa ngodya ndi ngodya, basi. Log Cabin ili ndi misoko yambiri kumbuyo, makamaka ikakhala ndi nsalu yapansi ija, ndiye kusoka ndi manja n'kovuta. Ambiri amangomanga mfundo za ulusi wokhuthala pakati pa buloko lililonse ndi m'ngodya, ndipo zimagwira ndithu, bola mfundozo zisatalikirane kuposa mmene pepala la chofewacho lanenera.

Ndiye kwa amene ali ndi makina, ndi nsalu zosiyanasiyana, ndi dzanja limene silinazolowere kota ya inchi, ine ndimati ayambe ndi Log Cabin, ngakhale zidutswa zichuluke. Nine Patch ikhale yachiwiri, kapena yoyamba kwa amene wagula nsalu yatsopano ndipo ali ndi chipiriro choyesa msoko wake asanayambe. Kuyesako n'kwa mphindi zisanu: dulani timizere titatu ta inchi imodzi ndi theka, sokani pamodzi, sitani, yezani kapakati. Kakakhala inchi imodzi ndendende, muli bwino. Kakachepa, matani tepi pamakina pomwe m'mphepete mwa nsalu muyenera kudutsa, muyesenso. Tizigamba ta mbali 6 tikhale ta khushoni, kachikwama, kapena chofunda cha mwana amene sanabadwe n'komwe.

Panopa ndili pa Log Cabin yachinayi, ya malaya akale asanu ndi limodzi ndi buluku limodzi. Mabuloko 31 atha, ndipo nsalu zowala zandithera, moti ndayamba kuyang'anitsitsa malaya oyera a bambo a m'nyumba muno.