Moog ndi Buchla: wina kiyibodi, wina ayi

M'zaka za m'ma 1960, Robert Moog ku New York ndi Don Buchla ku California ankapanga makina oimbira nyimbo ndi magetsi, aliyense payekha. Moog anaikapo kiyibodi. Wodziwa piyano ankangofika n'kuyamba kuliza, kwinaku akupotokola kabatani kosefera mawu mpaka phokoso lobaya m'khutu litafewa ngati likuchokera mumtsuko. N'chifukwa chake woimba Wendy Carlos anatha kuimbirapo nyimbo za Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, mu 1968, ndipo Minimoog ya 1970, makina aang'ono a Moog, inalowerera m'magulu oimba.

Buchla anaikana dala kiyibodiyo. Anaika timbale tachitsulo tongokhudza ndi chala, ndi sequencer yobwereza yokha kamvekedwe, monga ankafunira wopeka nyimbo Morton Subotnick ku San Francisco. Ine mtima uli kwa Buchla, ngakhale nthambo zolumikiza zigawo za makina akewo zimazunguza mutu.