Mpikisano wa mafunso a zisudzo za ku Broadway pa Nchalo: wosangalatsa, koma gawo lachiwiri likufunika kukonzedwa

Pamalo ena odyera ndi ogona alendo pa Nchalo pamachitika mpikisano wa mafunso Lachisanu lililonse madzulo, ndipo mutu umene eni malowa asankha masiku ano ndi wa zisudzo zoimba za ku Broadway pamodzi ndi akatswiri amene amazichita pa siteji ndi pa wailesi ya kanema. Anthu amakhala m'magulu, amalipira kandalama kochepa pakhomo, ndipo gulu lopambana limalandira zakumwa ndi mbale ya nsomba. Woyendetsa mpikisano amayamba wafotokoza kuti zisudzozi zimachitikira mumzinda wa New York, m'nyumba 41 zimene iliyonse ili ndi mipando yosachepera 500, ndiponso kuti mphoto yaikulu ya kumeneko, ya Tony, inayamba kuperekedwa mu 1947.

Mutu woterewu ukanatha kugonetsa anthu tulo kuno kuchigwa, kumene ambiri ofika pamalowa ndi aphunzitsi, ochita malonda ndi ogwira ntchito m'minda ya nzimbe, koma wokonza mafunso anachita nzeru poyambira pa Sarafina!, sewero limene pafupifupi aliyense wamkulu analionerapo filimu yake. Ambiri amayankha molimba mtima kuti filimu ndiyo inayamba, kenako amadabwa akamva kuti sewerolo, lolembedwa ndi Mbongeni Ngema ndipo zina mwa nyimbo zake ndi za Hugh Masekela, linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, linafika ku Broadway mu January 1988, pamene filimu ya Whoopi Goldberg inatuluka mu 1992. Funso lokhudza Leleti Khumalo, amene anasewera ngati Sarafina, ndilo limautsa phokoso lalikulu, chifukwa amayi amene amatsatira masewero a ku South Africa pa kanema amamudziwa kuchokera mu Generations ndi Uzalo, ndipo amasangalala kumva kuti mayi yemweyu ali mtsikana anali pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Tony. Pamenepa mpikisano umakhala wokoma kwambiri, popeza munthu amaphunzira chatsopano chokhudza nkhope imene amaidziwa kale.

Mafunso a The Lion King nawonso anakonzedwa bwino. Asanafunse, amaonetsa kachidutswa ka sewerolo pa khoma, ndipo anthu akamva mawu a Chizulu oyambira nyimbo amatchera khutu. Kenako amauzidwa kuti sewerolo linatsegulidwa mu 1997, patapita zaka zitatu filimu yake ya katuni itatuluka, kuti Lebo M wa ku South Africa anathandiza kukonza nyimbo zake, kuti woyamba kusewera ngati Rafiki anali Tsidii Le Loka wobadwira ku Lesotho, ndiponso kuti Julie Taymor anakhala mayi woyamba kupambana Tony ya wotsogolera sewero loimba mu 1998.

Vuto limayamba akabwerako kopuma. Zidutswa za kanema zimatha, ndipo mafunso amasanduka a manambala ndi mayina okhaokha. Kufunsa anthu a ku Nchalo kapena ku Ngabu kuti The Phantom of the Opera inaseweredwa kangati ku Broadway isanatsekedwe mu April 2023 ndi kuwauza kuti angoombeza, popeza yankho lake, 13,981, silingabwere m'mutu mwa munthu amene sanaliwerengepo. N'chimodzimodzi ndi funso la Audra McDonald, amene anapambana mphoto za Tony zisanu ndi imodzi, kapena la Angela Lansbury wa mu sewero la pa kanema la Murder, She Wrote: ndi nkhani zoona ndiponso zopatsa chidwi, koma popanda chithunzi kapena nyimbo zimangodutsa, ndipo magulu ambiri amayamba kucheza zawo. Panalinso cholakwika chimene chinadzetsa mkangano. Atafunsa chaka chimene Phantom inatsegulidwa ku Broadway, woyendetsa anavomera 1986, chimene ndi chaka cha ku London, pamene ku New York inatsegulidwa mu 1988. Gulu la aphunzitsi limene linayankha molondola linamanidwa mapointi ake, ndipo pa mpikisano wolipiritsa zimenezi siziyenera kuchitika.

Mafunso amawerengedwa m'Chingerezi mothamanga, ndipo zikanakhala bwino akanamawabwereza m'Chichewa, monga momwe woyendetsa amachitira pofotokoza mayankho. Holo yake ndi yaukhondo ndipo zokuzira mawu zimamveka bwino, koma mafani ndi ochepa poyerekeza ndi kutentha kwa kuno, makamaka m'miyezi ya October ndi November, choncho ofika mochedwa amakhala kumbuyo akutuluka thukuta. Magetsi akathima jenereta imayatsidwa mwachangu. Nsima ndi nsomba zake ndi zabwino, ngakhale zimachedwa kufika patebulo anthu akachuluka.

Ndikulimbikitsa okonda zisudzo kuti apiteko, makamaka chifukwa cha gawo loyamba. Eni malo ndikuwapempha kuti mayankho aziwatsimikizira asanawabweretse pagulu, ndipo m'malo mwa mafunso a manambala aikemo masewero ena okhudza Africa, monga Fela!, lonena za woimba wa ku Nigeria Fela Kuti, limene linafika ku Broadway mu 2009. Amene akuchokera kutali akonzeretu wa kabaza wodzawatenga, chifukwa mpikisano umatha usiku ndithu.