Miyezi 14 ndi ka 4x4 kanga: zomwe kanandichita pa Nyika

Mlamu wanga ananditumizira uthenga dzulo usiku: "Alamu, kagalimoto kanu kaja kakundigwira mtima, nane ndigule kotero?" Uthengawo unandipeza lisiti ya kugaraja ili m'manja, ndiye ndinamuuza kuti adikire kaye mtima wanga ukhale pansi. Lero wakhala pansi pang'ono.

Nditangokagula mu August 2023 ndinalemba zokatamanda ngati mkwatibwi. Ndi ka 4x4 ka zitseko zitatu, injini ya petulo ya 1.3, kochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ndinakatenga pa yadi ina yogulitsira magalimoto ku Lilongwe kuno. Sindinakagulire kupita kuntchito ayi, ndinkafuna kokwera nako mapiri Loweruka ndi pa tchuthi.

Zabwino zake sindichedwa nazo. Mafuta kamamwa mwaulemu, ndipo nthawi ya mizere pa filling station ndinkathokoza. Pa Zomba kanakafika ku Chingwe's Hole osagunda mimba pa mwala ngakhale kamodzi. Pa Gorodi, msewu wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba uja, makona onse 20 kanakhota kamodzin'kamodzi pomwe pikapu yomwe inali patsogolo panga inkachita kubwerera m'mbuyo. Pa M1 ndiye ayi, lole ikakudutsa kamagwedezeka ngati kabaza, ndipo mpando wakumbuyo ndi wa ana basi.

Nkhani ili pa matayala akutsogolo. Kagalimotoka masiku onse kamakankha ndi matayala akumbuyo okha. Ukafika poipa umalowetsa 4H kapena 4L, magiya okankha ndi matayala onse anayi, ma hub akutsogolo (zolumikizira matayalawo ku mphamvu ya injini) n'kudzitsekera okha, kagetsi kobiriwira n'kuyaka pa dashibodi. Mu January 2024 tinanyamuka ulendo wa ku Chelinda, malo ogona alendo a m'paki ya Nyika, ine ndi mayi akunyumba. Tinathira mafuta otsiriza pa Rumphi, n'kudzazanso chigubu, chifukwa ukadutsa Bolero usayembekezere pampu. Tinalowa pa geti ya Thazima kutacha bwino. Titakwera ndithu, mitengo ya miombo itatha n'kuyamba udzu wokhawokha wa pamwamba paja, mvula inabwera. Pa chitunda china cha dothi lofiira ndinalowetsa 4L. Kagetsi kaja m'malo moyaka kanayamba kuphethira. Ndinaponda mafuta, kumbuyo kunayamba kuvina kupita ku ngalande. Mayi anatsika ndi ambulera n'kukaima patsogolo. "Bambo a mwana, akutsogolowa angoti phee, sakuzungulira!" Ndinawayankha kuti sakuona bwino. Ankaona bwino.

Tinakhala pamenepo maola awiri, chifunga chitatseka, mbidzi zitatu zikutiyang'ana chapatali ngati zikudabwa. Foni inalibe netiweki. Ndinaphwetsa matayala pang'ono, ndinakumba ndi fosholo, osatheka. Anatikoka ndi anthu ogwira ntchito m'pakimo omwe ankabwera ndi Land Cruiser. Mmodzi anafunsa mwaulemu ndithu: "Bwana, imeneyi ndi 4x4 yeniyeni kapena ndi sitika chabe?" Funso limenelo limandiwawabe.

Nditabwerera ndinapita pa yadi paja. Mwiniwake analiza injini, analowetsa 4H, kagetsi nga! kuyaka. Anabwereza katatu. "Achimwene, galimotoyi ilibe vuto, mwina munalowetsa ikuthamanga." Anandikumbutsanso kuti miyezi itatu yomwe tinagwirizana inatha kale mu November. Ndinachoka ndikudzikayikira, chifukwa pa Dedza sabata yotsatira kanagwiradi bwinobwino. Mu April tinapitanso ku Nyika, ndipo pa kanjira kolowera cha ku phiri la Nganda, kagetsi kaja kanayambanso kuphethira. Apo ndinatembenuka ndisanatitimire.

Amene anandimasulira ndi makaniko wina wachikulire ku Mzuzu, wogwirira pansi pa mtengo. Anandifunsa funso limodzi: "Zimachitikira kuti?" Nditati pamwamba pa Nyika pokha, anaseka. Ma hub amtunduwu satsekedwa ndi chitsulo kapena waya, amatsekedwa ndi mpweya womwe injini imayamwa kudzera m'timapayipi ta labala topita ku tayala lililonse. Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe pamwamba pa Nyika mpopitirira mamita 2,000. Kumeneko mpweya ngwopepuka, ndiye mphamvu yoyamwa ija imachepa. Payipi ikakhala yabwino zimakwanabe. Ikakhala ndi kamng'alu, kumunsi kuno imagwira mokakamiza, kumtunda n'kulephera. Madalawo anachotsa tayala lakumanzere, anazula kapayipi, anakapukuta pa ovolosi, n'kukayamwa ndi pakamwa atatseka mbali ina ndi chala. Mpweya unkangolowa. Atapala matope ouma tinapeza kamng'alu katakulungidwa ndi tepi yakuda ya amagetsi, yomatidwa mwaluso ndithu. Ine sindinamatepo tepi. Ndiye kuti wina ankadziwa.

Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikagulitsa. Kapayipi katsopano sikanadule, koma chikhulupiriro chinali chitapita, chifukwa timapayipi tina tonse tinali ta msinkhu womwewo, touma ngati chikopa. Madala aja anandilangiza kuchotseratu za mpweyazo n'kuika ma hub opotokola ndi dzanja, aja olembedwa LOCK ndi FREE. Kuno sindinawapeze, ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa mnyamata wina wa mabasi. Apa mpomwe kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti kwa mu November 2023 kunandiluma: ma hub awiri, mtengo wonyamulira ndi msonkho zinandidyera K520,000. Ndikanadziwa vutoli pogula, ndalama imeneyi ikanachoka pa mtengo wa galimoto.

Kapayipi ka tepi kaja ndinakasunga m'jumbo, n'kukakaika pa tebulo la mwini yadi. Poyamba anati tepiyo anamata ndi a ku Japan. Ndinamufunsa ngati ku Japan kuli dothi lofiira longa lomwe linali pansi pa tepiyo. Anakhala chete, kenako anati anyamata ake ndi amene amakonza magalimoto akafika, iye saona zonse. Ndalama ya ma hub anakana kwamtuwagalu. Chomwe anavomera n'kulipira amisiri omanga, K60,000, ndipo anaipereka kawiri, yachiwiriyo nditamuimbira foni kasanu. Sindimutcha wakuba, koma sindingamutumizire m'bale wanga.

Chimangireni ma hub atsopanowa kagalimoto kasintha. Mu July tinagona ku Chelinda masiku atatu, m'mawa udzu utayera ndi chisanu, tinazungulira timisewu ta ku madamu mpaka tinakumana ndi gulu la ntchefu ndi chilembwe mmodzi ataima pakati pa njira osafuna kupatuka. Chovuta n'chakuti umatsika kukapotokola ma hub, kaya kuli mvula, ndipo ukafika pa tala usaiwale kuchotsa 4H, chifukwa kopanda diff yapakati, yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira mosiyana liwiro, kamamangika pokhota n'kudya matayala. Ulendo umenewo ndinabwera ndikunena kuti sindidzakagulitsa. Lisiti ya dzulo ija, ya ma shock awiri ndi mabushi omwe msewu wa Rumphi kukafika Thazima wadya, yandibwezeranso pakati.

Mlamu ndamuyankha chonchi: gulani, koma popita pa yadi mutenge jeki yanu. Lizani injini, lowetsani 4H, kwezani tayala limodzi lakutsogolo n'kulizungulitsa ndi dzanja. Likazungulira momasuka, hub sinagwire. Kenako suzumirani kuseri kwa tayala, mupale matope pa timapayipi ndi chikhadabo. Mukapeza tepi, muchotse K600,000 pa mtengo musanayambe n'komwe kukambirana. Wandiyankha kuti bwanji ndingomugulitsa kangaka, poti ndakonza kale. Ndamuuza kuti tikambirana ndikabwera ku Nyika mu December.