U, H kapena M1: purosesa iti ingapirire pojambula nyimbo?

Anzanga ambiri akamasaka laputopu ya studio amangoti "bola ikhale i7". Ine dzinalo ndinasiya kulilabadira. Ndimayamba ndi chilembo cha kumapeto kwa nambala ya purosesa, monga U kapena H.

Woyimba akavala mahedifoni amafuna kudzimva pompopompo. Mukaika buffer (kagawo ka mawu komwe kompyuta imakonza pa nthawi imodzi) pa 128 ndi 48 kHz, purosesa imakhala ndi mamilisekondi osakwana 3 oti imalize ntchito ya mapulagini onse, timapulogalamu tokometsera mawu. Ikangochedwa kamodzi, m'makutu mumalira "thethethe", basi mwayambiranso.

Mapurosesa a U, monga i5-8250U yomwe yadzaza m'malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, anawapangira mawati 15. Ndi a mu ofesi. Poyamba amathamanga ndithu, koma akatentha amachepetsa okha liwiro. Ndinazionera ku Chinamwali mu Okutobala, tikujambula kwaya ya amayi m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Nyimbo ziwiri zoyamba zinayenda bwinobwino, koma yachitatu itafika pa kolasi mawu anayamba kudukaduka. Amayi otsogolera anavula mahedifoni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi talakwitsa ndife?" Zinandiwawa, poti iwo anayimba mosalakwitsa ngakhale pang'ono.

A H, kaya a Intel kaya Ryzen ya AMD, amafika mawati 45 ndipo satopa msanga. Mungathe kusanjikiza mapulagini m'mapulogalamu ojambulira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase osada nkhawa. Koma fani yake imalira, ndipo maikolofoni ya condenser imatola phokosolo m'chipinda chaching'ono. Chachiwiri ndi chomwe tonse a kuno ku Zomba tikuchidziwa: magetsi akathima, malaputopu ambiri a Windows amabweza liwiro akakhala pa batire, ndipo batireyo sichedwa kutha.

Apa ndi pomwe M1 ya Apple, yomwe inatuluka mu 2020, imandikopa. MacBook Air yake ilibe fani n'komwe, ndiye m'chipinda mumangoti zii. Mukaizula ku magetsi liwiro silisintha kwenikweni, komanso simuvutika ndi ASIO, kapulogalamu koyendetsa mawu pa Windows, chifukwa Core Audio yomwe imagwira ntchito yomweyo pa Apple ili kale m'kati. Zowawa zake ndi mtengo ndi RAM yomatiriratu: mukagula ya 8 GB mukhala nayo choncho mpaka kalekale. Ikawonongeka, wokonza simumupeza msanga ngati mmene zilili ndi enawa.

Ndiye ngati ntchito yanu ndi yoyenda m'matchalitchi ndi m'midzi, ndipo thumba likulola, tengani M1. Ngati mumakhala pamalo amodzi ndipo muli ndi inveta kapena sola, H ikukwanirani. Koma ya Windows iliyonse musalipire musanaiyese. Ikanimo LatencyMon, pulogalamu yaulere yoyesa ngati kompyuta ingayendetse mawu osadukaduka, muisiye iziyenda kwa mphindi 10 Wi-Fi ili yoyatsa. Ikalemba zofiira ndiye kuti mwina pali driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo ngati Wi-Fi) yomwe ikuchedwetsa purosesa, ndipo mawu akhoza kudukabe ngakhale ikhale i9. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwa wina.