Galafu kapena mivi: tionetse bwanji zimene zikuchitika ku Mangochi?

Munthu akafuna kuonetsa pamsonkhano wa m'mudzi mmene kuchuluka kwa anthu, kutha kwa chambo ndi maulendo a ku Joni zimakokerana, ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi galafu, chojambula cha mizere yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa ziwerengero. Mzere wa anthu ukukwera (kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1 miliyoni m'boma lino), pamene wa chambo cha m'nyanja ya Malombe unagwa m'ma 1990. Imathandiza a khonsolo polemba bajeti, koma imangoonetsa kuti zinthu zasintha, osanena chifukwa chake.

Yachiwiri ndi kujambula mivi papepala lalikulu, ngakhale pamchenga. Nsomba zikachepa, mnyamata amapita ku Johannesburg. Ndalama zimene amatumiza zimamanga nyumba ya njerwa zootcha, mitengo imagwa m'nkhalango ya Namizimu, dothi limakokolokera m'nyanja, nsomba n'kuchepanso. Muvi umabwerera pomwe unayambira. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti agogo osadziwa kuwerenga amatha kuloza n'kunena kuti, "Ana inu, apa mwaiwala makoka a maso ang'onoang'ono." Vuto lake, mivi yonse imaoneka ngati ndi yofanana mphamvu.

Ine ndingayambe ndi mivi, galafu ibwere pambuyo kudzayeza kulemera kwa muvi uliwonse.