Mtsamiro wa usufu: zimene ndaona nditaugonera miyezi 8

Ndinagula mtsamiro wa usufu chifukwa chotopa ndi wa siponji umene unkanditenthetsa m'khosi usiku wonse, ndipo ndinganene kuti pa nkhani ya kutenthayo sunandikhumudwitse ngakhale pang'ono. Usufu ndi ulusi wofewa wochokera m'zibalobalo za mtengo wotchedwa Ceiba pentandra, wa banja limodzi ndi thonje ndi mlambe, umene umatha kutalika kupitirira mamita 60. Kwawo kwenikweni ndi kumadera otentha a ku America ndi kumadzulo kwa Africa, ngakhale kuti masiku ano usufu wambiri wogulitsa umalimidwa ku Indonesia ndi ku Thailand.

Chimene chinandidabwitsa nditangounyamula ndi kupepuka kwake. Kaulusi kalikonse n'kamphako m'kati ndipo kunja kwake kuli phula lachilengedwe, motero mpweya umadutsa bwino ndipo thukuta sililowerera monga limachitira m'thonje. N'chifukwa chake kale ankaika usufu m'majekete opulumutsira anthu pamadzi, ulusi wopangidwa kufakitale usanaulande malo. Mutu umamira pang'onopang'ono mpaka kupeza pokhazikika, ndipo mtsamirowo umalola kuuumba mmene ndafunira, kaya ndagona chagada kapena chammbali.

Koma pali vuto limene wogulitsa sanandiuze. Patatha miyezi itatu mtsamirowo unayamba kuphwa, usufu n'kuundana timibulu m'makona, moti m'mawa wina ndinadzuka khosi likuwawa. Ndinaphunzira kuuyanika padzuwa kwa maola angapo ndi kuumenyamenya ndi manja, ndipo umafufumanso, ngakhale kuti subwerera mwakale kwathunthu. Mwayi wake, wangawu uli ndi zipi, choncho ndinawonjezeramo usufu wina. Ntchitoyi ndi yofunika kuichitira panja mutaphimba mphuno, pakuti tiulusito timauluka ndi kuyetsemulitsa koopsa. Wopanda zipi sindingalangize munthu kuti augule.

Kuchapa nakonso kumavuta, chifukwa usufu ukanyowa mpaka m'kati umachedwa kuuma, choncho ine ndimangochapa nsalu yakunja yokha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti usufu umayaka msanga kwabasi, ndipo sindilola kandulo kapena nyali kuyandikira bedi. Kwa munthu amene amatuluka thukuta usiku ndipo savutika kusamala zinthu zake, mtsamirowu ndi woyenera. Amene amafuna wolimba wochirikiza khosi mosasintha asankhe wina.